Kupeza nthawi yophunzira Torah (malemba oyera achiyuda) ukamagwira ntchito ndi ana a pa yunivesite

Amene mumagwira ntchito ndi ophunzira achiyuda pa kampasi, kaya ku bungwe la Hillel kaya la Chabad, mukudziwa mmene zimakhalira. Ana awa tsiku lawo limayamba mochedwa, madzulo ndiye amabwera, wina akufuna mumwe naye khofi, wina mayeso amusokoneza mutu akungofuna womumvera, Lachisanu ndiye musanene, kukonza matebulo a Shabbat (tsiku lopumula lachiyuda), buledi wa challah, mipando, pofika Lamlungu muona kuti sabata yonse buku simunalitsegule olo kamodzi.

Tengani mmawa. Cha m'ma 8 koloko foni imakhala ili zii poti ambiri akadali mtulo kapena ali mkalasi. Mphindi 20 zakwana, bola muzilembe pa kalendala ya ku ofesi ngati miting'i ina iliyonse kuti anzanu asaikepo zina. Zoti ndiwerenga usiku ndikaweruka zisiyeni, mufika kunyumba mutatheratu.

Koma chomwe ine chimandikhudza kwambiri ndi ichi, kukonzekera zoti mukaphunzitse ana si kuphunzira kwanu ayi. Mukamasakasaka kavesi kokayambira zokambirana za Lachitatu maso anu amangoona zomwe zingawasangalatse iwowo, malo ovuta mumawalumpha, ndiye zaka zimapita mukungobwereza zomwe mumadziwa kale. Sankhani buku lomwe simudzaliphunzitsa semesita ino, likhale lanulanu, pomwe pakuvutani muimepo mpaka pamveke.

Pezaninso chavruta, mnzanu wowerenga naye awiriawiri, ndipo asakhale wophunzira wanu chifukwa pamenepo mubwereranso kukhala aphunzitsi. Wa pa kampasi ina ali bwino, pa Zoom zimatheka, nonse mwatsegula tsamba limodzi pa Sefaria, webusaiti ya mabuku achiyuda, ndi yaulere. Munthu akamakudikirani kujomba kumachititsa manyazi.

Pa kuchuluka kwake musadzipanikize. Daf Yomi, yomwe anayambitsa Rabbi Meir Shapiro mu 1923, ndi tsamba limodzi la Talmud (mabuku a zokambirana za aphunzitsi akale achiyuda) tsiku lililonse, masamba 2,711, zaka pafupifupi 7 ndi theka, ndi yabwino zedi koma mukatsalira masiku angapo ngongole yake imakula msanga ndipo ambiri amagwa ulesi pomwepo. Poyambira bwino ndi parsha (chigawo cha Torah chowerengedwa pa sabata) ya sabata imeneyo, ili kale ndi magawo 7 ndiye limodzi patsiku ndi ndemanga za Rashi (rabbi wakale wofotokozera Torah), kapena mishnah (ndime zazifupi za malamulo achiyuda) ziwiri patsiku basi.

Seputembala ndi Okutobala mukonzekeretu. Ku America semesita imakhala yangoyamba kumene, ana atsopano ali mbwee, kenako maholide achiyuda a Rosh Hashanah, Yom Kippur ndi Sukkot motsatizana. Nyengo imeneyi chepetsani mpaka mphindi 5 koma ola lake likhale lomwelo, ndipo muuzeni chavruta wanu kukadali Ogasiti tsiku lomwe mudzayambirenso zonse bwinobwino Simchat Torah, holide yotseka nyengoyi, ikadutsa.