Kusandutsa funso la munthu kukhala zosefera pofufuza nyumba

Wina akalemba kuti "nyumba ya zipinda ziwiri ku Chilenje yosapitirira K4,000", modelo ya chilankhulo (pulogalamu ya AI yowerenga ndi kulemba mawu ngati munthu) muikonze motere kuti isandutse mawuwo kukhala zosefera.

Choyamba ipatseni mndandanda wa zosefera zololedwa: dera, zipinda, mtengo. Iuzeni iyankhe mu JSON yokha (kalembedwe ka deta kamene pulogalamu imawerenga mosavuta), ndipo temperature (chochunira kusinthasintha kwa mayankho) muiike pa 0. Onjezani zitsanzo zisanu, zina zosakaniza Chinyanja ndi Chingerezi monga alembera anthu mu Lusaka.

Kenako pulogalamu yanu iyese yankholo lisanapite ku database (kosungira deta ya nyumba). Ambiri amadumpha apa, komatu modelo imatha kupeka dera lomwe kulibe, kapena kutenga "4k" ngati K4 m'malo mwa K4,000. Dera likasowa pamndandanda, mufunseni munthuyo. Mawu oti "yotchipa" alibe nambala, malire ake ikani nokha. SQL (malamulo ofunsira database) isalembedwe ndi modelo mwachindunji, chifukwa wachinyengo angalowetse lamulo lofafaniza deta.