Momwe mungajambulire kanema wamfupi wofutsa masamba pogwiritsa ntchito foni

M'mwezi wa Febuluwale ndi Malichi nkhwani ndi chitambe zimachuluka mpaka kuolera m'munda, koma pofika Okutobala kamtolo kamodzi ka masamba kamadula. Agogo athu anali ndi njira yake: mfutso. Achinyamata ambiri a m'tauni amaudya osadziwa mafutsidwe ake, ndiye kanema wa mphindi imodzi angathe kuwaphunzitsa. Foni yanu ndi yokwanira.

Yambani ndi kusankha chinthu chimodzi basi. Musaphatikize kufutsa masamba, kuyanika tomato ndi kutenthetsa mkute mu kanema mmodzi. Ngati ndi nkhwani, ikhale nkhwani. Lembani papepala zimene mujambule: kuthyola, kusadzula, kutsuka, kuwiritsa, kuyanika, kusunga, kenako kuphika.

Chachiwiri ndi kuwala, ndipo apa ndi pamene ambiri amalakwitsa. Khitchini ya utsi imakhala ya mdima, masamba amaoneka akuda bii. Tulutsani mbaula pakhonde kapena pansi pa mtengo wa mango, m'mawa dzuwa lisanatenthe, ndipo kuwala kuzichokera kumbuyo kwa foni. Pukutani galasi la kamera ndi kansalu. Foni muiimike choongoka, chifukwa TikTok, Facebook Reels ndi status ya WhatsApp zimafuna kanema wautali m'mwamba. Mulibe choimikira foni? Ipanikizeni pakati pa njerwa ziwiri. Ine ulendo woyamba ndinaigwira pamwamba penipeni pa poto, nthunzi n'kuphimba galasi, ndipo gawo lonse lowiritsa linangotuluka chifunga chokhachokha. Jambulani cha pambali.

Musajambule kamodzi mosalekeza. Tengani tizidutswa ta masekondi 5 mpaka 8, kamera ili pafupi ndi manja. Anthu akufuna kuona zala zikusadzula nkhwani, ulusi wake ukusololoka, osati nkhope yanu ikufotokoza. Powiritsa onetsani kuti masamba amangokhala m'madzi owira mphindi zochepa, angofota asanapse. Poyanika, jambulani mphasa kuchokera pamalo amodzimodzi tsiku lililonse, kuti mukalumikiza zidutswazo masamba azioneka akunyala pamaso pa woonera. Kuyanika pamthunzi podutsa mphepo kumatenga nthawi, koma masamba amasunga mtundu wake ndi michere yambiri kuposa pa dzuwa lamphamvu. Akauma, afikicheni m'manja pafupi ndi foni kuti kukhwechera kwake kumveke. Ngati kwanu akadamanga chikwatu ndi masamba a msuku, chimenecho musachiphonye.

Pokonza, tsegulani CapCut kapena pulogalamu ina yokonzera makanema, musankhe 9:16, womwe ndi muyeso wa kanema wautali m'mwamba. Kadutswa koyamba kasakhale moni. Yambani ndi mbale ya mfutso wotendera pambali pa nsima, kapena mulu wa masamba oola, chifukwa munthu akapanda kukopeka m'masekondi oyambirira amapitirira. Dulani paliponse pamene palibe chikuchitika. Mawu ofotokozera mujambule padera usiku, tambala ndi wailesi ya aneba zitakhala chete, ndipo mulembenso mawu ochepa pa kanemayo, monga "wiritsani pang'ono", popeza ambiri amaonera m'minibasi atatseka mawu. Nyimbo za eni ake musangotola. Nkhani za umwini wa nyimbo kuno zimayang'aniridwa ndi bungwe la COSOMA, ndipo Facebook imatha kuzimitsa mawu a kanema wanu. Kuwira kwa poto kumakwanira.

Potulutsa kanema mu pulogalamuyo, 720p (mulingo wa kaonekedwe ka chithunzi) imaoneka bwino pa foni ndipo siidya bandulo kwambiri. Muutumize kaye kwa munthu mmodzi amene sanafutsepo masamba, mumufunse ngati angathe kutsatira. Akafunsa kuti madzi anali ochuluka bwanji, bwererani mukawonjezere kadutswa kameneko.

Muuike pa intaneti masamba akadali ambiri, kuti woonera akayese tsiku lomwelo. Mudzaubwerezenso pa 29 Seputembala, tsiku limene bungwe la United Nations linapatula kuyambira 2020 lokumbutsa za chakudya chimene chimaonongeka ndi kutayidwa. Nthawi imeneyo kudzakhala kutauma, ndiye mudzajambule kadutswa katsopano mukumasula chikwatu chija.