Momwe mungapezere anthu okulimbitsani mtima pa intaneti bizinesi ikamavuta

Mwini bizinesi amakhala pakati pa anthu tsiku lonse, koma zinthu zikayamba kuipa amasowa womuuza. Antchito simungawauze kuti malipiro a mwezi uno sakukwana, chifukwa mawa lomwelo ayamba kufunafuna kwina. Amene anakubwerekani mpamba mukuwazemba. Kunyumba mumangoti "tikuyesetsa" poopa kuti nawonso angasowe tulo. Anzanu olembedwa ntchito amakufunirani zabwino ndithu, koma uphungu wawo umathera pa mawu akuti, "Bwanji osangotseka?" Ndiye mumatsala nokha usiku, foni ili m'manja, mukuwonkhetsa manambala omwewo mobwerezabwereza.

M'foni yomweyo muli anthu amene akudutsa m'zimene mukudutsamozo, ndipo alipo ambiri. Ziwerengero za ku America, zochokera ku bungwe la boma la Bureau of Labor Statistics, zakhala zikusonyeza kwa zaka zambiri kuti pa mabizinesi asanu alionse atsopano, imodzi imatsekedwa m'chaka choyamba, ndipo pakatha zaka zisanu pafupifupi theka amakhala atagwa. Mu 2015, dokotala wa matenda a maganizo Michael Freeman wa ku University of California, San Francisco, pamodzi ndi anzake anafunsa eni mabizinesi 242. Mwa iwo, 49 pa 100 alionse ananena kuti anavutikapo ndi matenda okhudza maganizo nthawi ina pa moyo wawo, pamene mwa anthu ena amene anafunsidwa anali 32 pa 100 alionse. Anthu 242 ndi ochepa, ndipo ankanena okha za moyo wawo, komabe zikutiuza kuti amene akusowa tulo chifukwa cha bizinesi si inu nokha. Ntchito yagona pa kuwapeza anthuwo, chifukwa pa intaneti okulimbitsani mtima ndi okudyerani masuku pamutu amapezeka m'gulu limodzi.

Choyamba, dziwani chimene mukufuna

Musanalowe m'gulu lililonse, tengani kope ndi cholembera mulembe zimene zikukusautsani, osabisa kanthu, chifukwa palibe amene adzawerenge. Katswiri wa zamaganizo James Pennebaker anayesa njira imeneyi mu 1986: anauza ophunzira kuti alembe za zinthu zowawa kwa mphindi 15 tsiku lililonse kwa masiku anayi otsatizana, ndipo amene analemba zochitikazo pamodzi ndi mmene anamvera mumtima anapita kuchipatala mocheperapo m'miyezi yotsatira. Kwa inu phindu lina ndi lakuti mukatero mumasiyanitsa zinthu zitatu zimene zimasakanikirana m'mutu: kufuna munthu wokumvetserani, kufuna nzeru za mmene mungachitire, ndi kufuna ndalama. Gulu la pa intaneti lingakupatseni ziwiri zoyambirirazo. Mukalowa mukufuna chachitatucho, ndinu amene akuba akudikirira.

Kusankha gulu

Malo alionse ali ndi khalidwe lake. Gulu la pa WhatsApp limatha kukhala ndi anthu okwana 1,024, anthu amayankha msanga, koma aliyense m'gulumo amaona nambala yanu ya foni. Pa Telegram gulu limafika anthu 200,000, ndipo uthenga wanu umakwiririka pakangopita mphindi zochepa. Pa Facebook pali magulu oonekera kwa aliyense ndi magulu otsekedwa, amene zolembedwamo amaona ndi okhawo amene analoledwa kulowa. Magulu ena a pa Facebook amalola kulemba popanda dzina kuoneka, ngakhale oyang'anira gulu amadziwabe kuti walemba ndani. Pa tsamba la zokambirana la Reddit, m'magulu ngati r/smallbusiness ndi r/Entrepreneur, anthu ambiri sagwiritsa ntchito mayina awo enieni, n'chifukwa chake amanena zoona zimene sakananena pamaso pa anthu owadziwa. Kumeneko zambiri zimalembedwa m'Chingerezi, ndipo aliyense wofufuza pa Google angathe kuziona. LinkedIn ndi yabwino popeza makasitomala ndi ogwira nawo ntchito, koma ine sindingakulangizeni kukatulira nkhawa zanu kumeneko: anthu amalembako mayina awo enieni ndipo amaonetsa mbali yowala yokhayokha.

Ngati n'kotheka, sankhani gulu la anthu ochita bizinesi yofanana ndi yanu komanso yamsinkhu wofanana. Munthu wa antchito awiri ndi munthu wa antchito 200 onse ali ndi nkhawa, koma zimene zimawasowetsa tulo n'zosiyana. Lowani magulu awiri kapena atatu basi.

Khalani chete kaye, muziwerenga

Apa ndi pamene ambiri amapupuluma. Kwa sabata imodzi kapena awiri musalembe kanthu. Bwererani m'mbuyo muwerenge zimene zinalembedwa kale, ndipo mufufuze chinthu chimodzi: munthu amene anaulula kuti zinthu zamuvuta, anamulandira bwanji? Kodi anamufunsa mafunso kuti amvetse, kapena anangomuponyera mawu okongola ongokopera kwina? Kodi alipo amene ananena kuti "inenso zinandichitikira" n'kufotokoza zimene anachita? Kodi wina atamunyoza, oyang'anira gulu anachitapo kanthu? Gulu limene lilibe malamulo, kapena lili nawo koma palibe wowatsatira, silingakutetezeni tsiku limene mudzatsegule mtima wanu.

Onaninso amene amalankhula kwambiri. Ngati ndi munthu mmodzi amene chilichonse amachikokera ku maphunziro amene akugulitsa, ndiye kuti gululo ndi sitolo yake. Ngati tsiku lonse ndi zithunzi za magalimoto atsopano ndi zotsatsa malonda, mudzatulukamo mukudziona ngati wolephera kuposa mmene munalowera. Gulu labwino limadziwika ndi mafunso wamba: wina akufunsa mmene angakumbutsire kasitomala wa ngongole, wina akufunsa mmene angalankhulire ndi mwini nyumba, ndipo mayankho akubwera kuchokera kwa anthu osiyanasiyana.

Uthenga wanu woyamba

Lembani mwachidule, mutchule mtundu wa bizinesi, chimene chachitika, mmene chakukhudzirani, ndi thandizo limene mukufuna. Mbali yomalizayi ndi imene ambiri amaiwala, kenako amakhumudwa akalandira malangizo a kawerengedwe ka ndalama pamene iwo amafuna wowamvetsera. Mwachitsanzo, mungalembe motere:

"Anzanga, ndili ndi bizinesi yosoka zovala ndipo ndili ndi antchito atatu. Kasitomala wanga wamkulu wandisiya, moti mwezi uno ndikulephera kuwalipira onse. Usiku sindikugona. Sindikupempha ndalama. Ndikufuna kumva kwa amene munadutsapo m'zoterezi: antchito anu munawauza bwanji, nanga inuyo munalimba bwanji?"

Uthenga umenewu ukunena zoona, koma mulibe dzina la bizinesi, dzina la kasitomala, banki, kapena kuchuluka kwa ngongole. Zimenezo zisungeni. WhatsApp imabisa mauthenga kuti anthu akunja asawawerenge ali m'njira, koma siingaletse munthu wa m'gulu lomwelo kujambula uthenga wanu n'kuutumiza kwa amene mumapikisana naye kapena kwa amene anakubwerekani ndalama. Musanatumize dzifunseni kuti, "Kasitomala wanga ataziwerenga izi, ndingapirire?" Ndipo ngati mwakwiya ndi mnzanu wochita naye bizinesi, musamutchule dzina. Mawu olembedwa pa mkwiyo akhoza kudzakuvutitsani kukhoti.

Mwina ayankha anthu awiri okha m'gulu la anthu 500. Zisakupwetekeni mtima. Katswiri wa kagwiritsidwe ntchito ka intaneti Jakob Nielsen analemba mu 2006 kuti m'magulu ambiri a pa intaneti anthu 90 pa 100 alionse amangowerenga, 9 amalemba mwa apo ndi apo, ndipo mmodzi yekha ndi amene amalemba zambiri. Ambiri mwa amene akhala chetewo awerenga ndithu, ndipo ena ali m'vuto ngati lanu lomwelo koma alibe mphamvu yonena.

Amene adzakutsatireni kumbali

Mukangoulula kuti mwapanikizika, mauthenga apambali amayamba kubwera. Ena ndi ochokera kwa anthu amtima wabwino. Ena ndi a amene akulonjeza ngongole yachangu bola muyambe mwalipira kenakake, amene akuti ndalama zanu zichulukana kawiri m'masiku ochepa, kapena amene akuti mupeza phindu mukalowetsa anzanu ena. Munthu wotopa ndi wamantha sachedwa kukhulupirira, ndipo iwo amadziwa zimenezo. Dziikireni lamulo mutu udakali bwino: simutumiza ndalama, chiphaso kapena manambala achinsinsi kwa munthu amene mwamudziwira m'gulu. Wina akakupemphani manambala 6 amene WhatsApp yakutumizirani pa foni, akufuna kukulandani akaunti. Mukaneni, muwauze oyang'anira gulu, ndipo mutsegule two-step verification (nambala yachinsinsi yowonjezera chitetezo) pa akaunti yanu.

Kuchoka pagulu kufika pa anthu ochepa

Kwa ine, apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Gulu lalikulu ndi pokumanira chabe. Amene adzakuthandizeni kwenikweni ndi anthu awiri kapena atatu amene mudzawapeze mmenemo. Robin Dunbar, katswiri wa ku Britain amene amadziwika ndi mfundo yakuti munthu amatha kusunga ubale ndi anthu pafupifupi 150, ananenanso kuti apamtima penipeni amakhala pafupifupi asanu okha. Choncho musadandaule kuti simukudziwika m'gulu lonse.

Onani amene anakuyankhani mwanzeru, osakuweruzani komanso osakugulitsani kanthu. Athokozeni pagulu, kenako apempheni ngati mungalankhule nawo pambali. Mukalemberana kwa masabata angapo n'kuona kuti ndi anthu enieni, a bizinesi zenizeni, pemphani kuti muziimbirana foni nonse pamodzi, mwina kamodzi pa masabata awiri alionse, pa tsiku ndi nthawi yokhazikika. Aliyense apatsidwe nthawi yake yolankhula popanda womudula. Mafunso atatu ndi okwanira: chakuvuta kwambiri n'chiyani, ukugona ndi kudya bwanji, ndipo uchita chiyani tisanakumanenso? Funso lachiwirilo musalidumphe, chifukwa anthu abizinesi amathawira ku manambala akafuna kubisa mmene akumvera. Gwirizanani kuti zokambidwa zimathera pomwepo, komanso kuti simubwerekana ndalama. Ngongole ikangolowa pakati panu, wina amayamba kubisa zoona.

Mwina mukudabwa kuti mlendo angakumvetseni bwanji kuposa m'bale wanu. Mlendoyo alibe chimene angataye bizinesi yanu ikagwa, ndiye amamvetsera popanda mantha. Komanso amadziwa anthu ndi njira zimene inu ndi anzanu apamtima simudziwa, zomwe katswiri wa zachikhalidwe cha anthu Mark Granovetter anasonyeza mu 1973, pamene anapeza kuti anthu ambiri amamva za ntchito kuchokera kwa ongodziwana nawo patalipatali. Ku Mexico City, mu 2012, mabwenzi asanu anayamba kukumana kuti azisimbirana poyera mmene mabizinesi awo anagwera, ndipo misonkhano yotereyi inafalikira m'mayiko ambiri. Njala yonena zoona za kulephera ndi yaikulu chotero.

Nanunso muziyankha ena. Simukuyenera kudikira kuti zanu ziyende kaye. Kungolemba kuti "ndakumvani, inenso ndili pomwepo" kumamuthandiza mnzanu, ndipo inuyo mumakumbukira kuti mukadali ndi chopereka.

Gulu likayamba kukulemetsani

Muzidziyesa mukatseka foni: mtima wapepuka kapena walemera? Pali magulu amene anthu amangobwereza madandaulo omwewo tsiku ndi tsiku popanda wofunsa kuti "ndiye tichite chiyani?" Kumeneko mumamva kuti muli pamodzi, koma nkhawa imakula. Tsekani mabelu a gululo, muzilitsegula pa nthawi imene mwasankha, makamaka osati pogona. Ngati sizikusintha, tulukani. Simukuyenera kupepesa kapena kufotokoza.

Komanso malangizo a m'gulu okhudza misonkho, malamulo a ntchito ndi ngongole muziwatsimikizira kwa akatswiri a kwanuko, popeza wokulangizaniyo mwina ali m'dziko la malamulo ena.

Pamene gulu silikwanira

Mu 2019 bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linafotokoza kutopa kobwera ndi kupanikizika kwa nthawi yaitali pa ntchito ndi zizindikiro zitatu: kutheratu mphamvu, kuipidwa ndi ntchito imene munkaikonda, ndi kulephera kuigwira bwino ngati kale. Zoterezi kupuma ndi kulankhula ndi anzanu kungathandize. Koma ngati kwa masabata awiri kapena kuposerapo mwakhala wokhumudwa pafupifupi tsiku lililonse, palibe chimene chikukusangalatsani, tulo ndi chilakolako cha chakudya zasokonekera, kapena mwayamba kumwa mowa kuti muiwale, pitani mukaonane ndi dokotala kapena mlangizi wa zamaganizo. Matenda amenewa ali ndi chithandizo, ndipo anzanu a pa foni sangakupimeni.

Ngati mwayamba kuganiza zodzipha, kapena kuganiza kuti banja lanu likanapepukidwa mukanachoka, musadikire yankho la m'gulu. Uzani munthu amene ali nanu pafupi lero lomwe, mupite naye kuchipatala, kapena imbani nambala ya thandizo ladzidzidzi ya m'dziko lanu. Bungwe la Befrienders Worldwide lili ndi mndandanda wa malo othandiza anthu pa foni m'mayiko ambiri. Ndipo ngati ndi mnzanu wa m'gulu amene walemba mawu otsanzika kapena osonyeza kuti wataya mtima kotheratu, muimbireni nthawi yomweyo, mumufunse mosapita m'mbali ngati akuganiza zodzipha. Kufunsa sikumuika maganizowo m'mutu. Khalani naye pa foni, mumufunse amene ali naye pafupi, ndipo muonetsetse kuti munthuyo wadziwa ndipo akupita kumene kuli mnzanuyo.