Kusintha nokha oyilo pa injini ya 1NZ

Pa sevisi yaing'ono ku dila, ndalama yambiri imapita ku ntchito ya manja, pomwe zosinthidwa ndi oyilo ndi fyuluta basi. Ngati galimoto ikadali pa waranti, isiyeni komweko. Ikatha waranti, ntchitoyi mutha kuigwira pakhomo.

Pa injini ya 1NZ-FE, yomwe ili m'ma Sienta, Probox ndi Corolla ambiri, gulani malita 4 a oyilo wa 5W-30, fyuluta ndi washa watsopano wa bawuti ya sampu (beseni la pansi pa injini lomwe limasunga oyilo). Lizani injini mphindi zisanu kuti oyilo afewe, muzimitse. Osalowa pansi galimoto ili pa jeke yokha, ikani masitandi. Masulani bawuti ndi sipanala ya 14, oyilo akhe mpaka asiye kudontha.

Pa fyuluta ndi pomwe ambiri amalakwitsa. Mukamasula fyuluta yakale, rabala yake imatha kukanirira pa injini, ndipo zikasanjikizana ziwiri, oyilo amatayika yense mukangoliza. Ichotseni, pakani oyilo pa rabala yatsopano, mumange fyuluta yatsopanoyo ndi dzanja lokha. Bawuti nayo ibwezeretseni ndi washa watsopano, koma osaikhwimitsa ngati ya tayala, mazinga a sampu amadyeka.

Thirani malita 3.7, lizani pang'ono, muzimitse, dikirani mphindi zingapo, muyeze ndi dipisitiki, kachitsulo koyezera oyilo.