Malangizo a Kagwiritsidwe Nchito ka Monofilament ya Magalamu 10 Poyeza Mapazi a Odwala Shuga

Kacipangizo aka ndi kaulusi ka nailoni kolumikizidwa ku kacigwiriro, ndipo kanapangidwa moti pamene kapindika pakhungu, kamakankha ndi mphamvu yofanana ndi kulemera kwa magalamu 10. Nchito yake ndi kuona ngati phazi la munthu wodwala shuga likali kumva mokwanira kuti munthuyo adziteteze ku zilonda.

Musanayambe kuyeza, mvetsetsani cimene cimacitika kaulusi kakagunda khungu. M'kati mwa khungu muli nsonga za mitsempha yonyamula mauthenga, yosiyana ndi ya magazi, ndipo zina mwa nsongazi, monga za Merkel ndi za Meissner, zimasandutsa kukankhako kukhala timphamvu ta magetsi. Timphamvu timeneti sitisiyana kukula. Ubongo umazindikira kuti cinthu cakankha mwamphamvu cifukwa timafika motsatizana pafupipafupi, monga mmene wasayansi Edgar Adrian anasonyezera mu 1926. Uthengawo umakwera m'mtsempha waukulu wa mumsana, umadutsa mu thalamus, kacigawo ka m'kati mwa ubongo kamene kamalandira mauthenga ndi kuwapititsa, n'kukafika pamalo a ubongo osungidwira phazi, ndipo za phazi lamanzere zimakafikira kumbali yamanja ya ubongo. Mitsempha yopita kuzala za kumapazi ili m'gulu la yaitali kwambiri m'thupi, n'cifukwa cake shuga akakhala wokwera kwa zaka zambiri, dzanzi limayambira kumeneko. Munthu wotere angathe kuyenda tsiku lonse ndi munga m'phazi, kapena kuotha moto pambaula mpaka khungu kupsa, iye osamva kanthu.

Khazikani wodwala pamalo abata atavula nsapato ndi masokosi. Yambani ndi kumukhudza padzanja iye akuona, kuti adziwe mmene kaulusi kamamvekera ndiponso kuti sikabaya. Kenako m'pempheni atsinzine. Yezani malo atatu kunsi kwa phazi lililonse: pacala cacikulu, patsinde pa cala cacikuluco, ndi patsinde pa kacala kotsiriza. Imikani kaulusi cilili pakhungu, kankhani mpaka kapindike, ndipo mukacotse. Zonsezi zitenge pafupifupi masekondi awiri. Musakakhululize pakhungu kapena kugogoda nako mobwerezabwereza, pakuti kugwedezeka kumadzutsa nsonga zina za mitsempha, ndipo wodwala angamve ngakhale kuti phazi lake lili kale pangozi. Pewani cilonda, cipsera ndi khungu lokhakhala lolimba. Khudzani pambali pake.

Funsani mwaulemu kuti, "Amai, mwamva? Ndi phazi liti?" Pamalo alionse funsani katatu, koma kamodzi mwa katatuko musakhudze konse. Mbali imeneyi musaidumphe ngakhale mzere wa odwala utatalika panja. Akuluakulu ambiri amavomera kuti amva pofuna kulemekeza nesi, osati pofuna kunama, ndipo yankho laulemu loterolo lingabise vuto limene pambuyo pake lidzacititsa kuti mwendo udulidwe. Ngati wodwala wayankha molondola kawiri mwa katatu, pamalopo pakali kumva. Akalephera kawiri, lembani pakhadi lake kuti phazilo lataya citetezo, ndipo mum'tumize kwa dokotala.

Mukamaliza, pukutani kaulusi ndi kathonje ka spiriti. Nailoni imatopa, conco mukayezera anthu pafupifupi 10, kasiyeni kapume maola 24 musanakagwiritsenso nchito, ndipo kamene kakhala kokhota osawongoka mukataye. Musakasunge padzuwa kapena pamalo otentha.

Wodwala amene phazi lake lasiya kumva muuzeni momveka kuti maso ake tsopano ayenera kugwira nchito imene mitsempha inali kugwira. Aziyang'ana kunsi kwa mapazi ndi pakati pa zala tsiku lililonse, kapena apemphe wapabanja amuyang'anire. Azikutumula nsapato asanavale. Asayende wopanda nsapato ngakhale pabwalo pa nyumba. Ndipo madzi osamba aziyamba wawayesa ndi cigongono. Akaona cithuza, cilonda kapena kutupa, abwere kukliniki tsiku lomwelo ngakhale sakumva kuwawa.