Mmene mungagulitsire malonda kwa anthu a crypto osafuna kudziwika

Choyamba muwamvetse kaye anthuwa, omwe amagwiritsa ntchito crypto, ndalama za pa intaneti monga Bitcoin. Si akuba ayi, ambiri amangodana ndi zoti aliyense aziona mmene ndalama zawo zikuyendera, paja pa Bitcoin zonse zimakhala poyera, wina akangodziwa adilesi yanu ya Bitcoin (ili ngati nambala ya akaunti) basi waona zonse zomwe munalandira ndi kutumiza. Nchifukwa chake amakonda crypto ina yotchedwa Monero, yomwe inayamba mu 2014 ndipo imabisa wotumiza, wolandira ndi kuchuluka kwa ndalama, ena amagwiritsa ntchito inanso yotha kubisa zimenezi yotchedwa Zcash.

Ndiye inu musayambe ndi kupempha dzina, nambala ya foni, tsiku lobadwa, athawa pompo. Funsani zofunika zokhazo. Taonani a Mullvad VPN, kampani yothandiza anthu kubisa zomwe akuchita pa intaneti, mukalembetsa amangokupatsani nambala ya akaunti, imelo safunsa, ndipo mutha kulipira ndi Monero kapena kutumiza ndalama mu envelopu. Anthu amawadalira chifukwa cha zimenezo.

Webusaiti yanu izitseguka pa Tor (pulogalamu yolowera pa intaneti osadziwika), chotsani tija tolondalonda anthu ta Facebook ndi Google, anthu a crypto amatitulukira msanga ndipo amauzana. Zamalipiro ikani BTCPay Server, pulogalamu yolandirira malipiro a crypto, pa seva yanu m'malo modalira kampani ina.

Kumbukiraninso za Ledger, kampani yopanga tizipangizo tosungira crypto: mu 2020 maina ndi maadilesi akunyumba a makasitomala zinatayikira pa intaneti mpaka ena anayamba kuopsezedwa, anthuwa sanaiwale. Ndiye zomwe mwasunga muzifufuta katundu akangofika, ndipo nenani poyera kuti mumasunga chani, kwa masiku angati. Osawalonjeza kuti palibe angawapeze, akufunsani umboni ndipo mulibe.