Momwe mungatengere luso loluka kwa agogo, komanso kuwathandiza kuti asamagulitse motaya

Kwathu kuno ku Nkhotakota pafupifupi nyumba iliyonse ili ndi lichero lopetera mpunga ndi mkeka woyala alendo akabwera, koma tafunsani achinyamata a pa boma kuti ndani angaluke, muona onse akuyang'ana pansi. Oluka atsala agogo basi, ndipo nawonso maso ayamba kuvuta. Ine ndinaphunzira mochedwa kwa azakhali anga cha ku Chia, ndiye ndati ndikuuzeniko momwe zimayendera bwino, poti poyamba ndinalakwitsa zambiri.

Choyamba, musapite ngati mwabwera kudzachita kafukufuku ayi. Mukafika ndi kope ndi bolopeni nkumati agogo tandifotokozereni, angokuuzani kuti "aaa nzosavuta izi" nkhani nkuthera pompo. Anthu amenewa saphunzitsa ndi pakamwa, amaphunzitsa ndi manja. Tengani kashuga, kasopo, mukakhale pansi pambali pawo nthawi imene akuluka kale, makamaka chilimwe anthu atamaliza kukolola. Dzinja musavutike, aliyense ali kumunda ndipo mlaza suuma bwino.

Chachiwiri, yambani ndi ntchito yonyozeka ija, yokonza zipangizo. Apa ndi pamene ambiri amathawira koma luso lenileni lili pompa. Mlaza wa mkeka sumangodula uliwonse, mumafuna masamba anthete a pakati amene sanatambasuke, ndipo pa mtengo umodzi simumaliza onse, mumasiyako kuti uphukenso. Mukadula mumayanika padzuwa mpaka uyere, kenako nkuung'amba timizere tofanana kukula kwake. Tikasiyana, mkeka umatuluka wokhota ngati njira ya woledzera, ine woyamba wanga unatero ndipo azakhali anauyala kukhitchini kuti pazikhala mphaka. Poluka mumawaza timadzi kuti ufewe, makamaka masiku a mwera pamene chilichonse chimauma msanga nkumathyoka mmanja.

Ngati mwasankha lichero kapena dengu, nkhani ndi nsungwi. Yanthete imafumbwa, pakangotha miyezi yochepa muona ufa ukugwa pansi. Mufune yokhwima, muphunzire kuing'amba ndi kuipala ndi mpeni mpaka isalale, zala zichekekacheke ndithu musadandaule. Ndipo chonde musakalowe mu nkhalango ya Nkhotakota kukadula mwakuba, kuyambira 2015 akuyang'anira ndi a African Parks ndipo anatchinga ndi waya, mukagwidwa luso lanu mukaphunzirira kupolisi. Gulani kwa amene ali nazo kudimba, kapena dzalani phata lanu kuseli kwa nyumba.

Chachitatu ndiye kuluka kwenikweniko. Pemphani agogo akuyambireni, inu muzipitiriza, poti poyambira ndi pomalizira ndi povuta kuposa pakati. Mkeka umalukidwa kaye mzere wautali ngati lamba, kenako mizereyo nkuisokerera pamodzi. Lichero pakati pake sipachedwa, koma kumanga mkombero kuti ukhale wozungulira bwino komanso wolimba, pamenepo mungathe mwezi mukungomasula. Akakuuzani kuti masulani, masulani basi osakwiya. Foni ithandize apa, jambulani vidiyo manja awo akuyamba ndi pomanga mkombero, koma mupemphe kaye, ena safuna kujambulidwa. Ndipo mukabwera musabwere nokha, tengani mwana mmodzi wa pulayimale azingokhala pompo akusewera ndi zotsalira, ameneyo adzakuposani. Zoti luso limapatsirana chonchi si nkhambakamwa, pitani ku Mua mukaone osema a ku KuNgoni, malo amene anayambitsa bambo Claude Boucher mu 1976, mpaka lero anthu akusemabe poti wina ankakhala pambali pa mnzake.

Tsopano ya ndalama, imene ineyo ndimaiona kuti ndi imene ikupha ntchitoyi kuposa mikeka ya pulasitiki ya mu shopu. Mwana sangaphunzire chinthu chimene akuona agogo ake akuchigwira sabata yathunthu nkuchigulitsa mtengo wa mbale ya usipa. Ndiye chachinayi, khalani nawo pansi muwerenge. Masiku angati odula ndi kuyanika, masiku angati oluka, utoto munagula zingati, thiransipoti yopita kumsika zingati. Tsiku lililonse muliwerengere ngati munthu wapita ku ganyu. Chimene chituluke ndiye mtengo wapansi, osatsikanso. Agogo ambiri amachita manyazi kutchula mtengo, wogula akangoti "amayi tsitsaniko" iwo atsitsa kale theka, ndiye ngati nkotheka ogulitsa mukhale inuyo.

Chachisanu, tulutsani katunduyo mmudzi. Jambulani panja mmawa kuwala kuli bwino, osati mnyumba mwamdima, ikani pa status ya WhatsApp ndi mmagulu a Facebook ogulitsirana zinthu, mulembe kukula kwake ndi mtengo pompo kuti asamakufunseni "zingati" anthu makumi awiri. Malipiro pa Airtel Money kapena Mpamba, ndalama ilowe kaye katundu asanakwere minibasi ya ku Lilongwe, za "ndikutumizirani madzulo" ine ndinapsa nazo kamodzi, madengu anayi anapita ulele. Yenderaninso malo ogona alendo a mmbali mwa nyanja ndi ogulitsa ziboliboli ku Senga Bay, mutenge zitsanzo ziwiri zitatu, koma ngati akuti musiye adzalipira akagulitsa, lemberanani mu kope aliyense asayine. Mavenda oima mu msewu wa M5 nawo amagula zambiri nthawi imodzi, vuto amafinya mtengo, bola oluka a mmudzi umodzi mugwirizane mtengo umodzi musanakumane nawo. Ngati muli mu banki mkhonde, mwezi wina tengani kangongole kogulira mlaza wambiri nthawi imene uli wotchipa, muusunge pamwamba pouma kuti usachite chuku.

Kwa inu amene simufuna kuluka koma mumagula, yanu ndi yophweka. Pa chinkhoswe kapena ukwati wa mbale wanu, odani malichero ndi mikeka kwa woluka mwiniwake, mumuuze kudakali mwezi umodzi kapena iwiri, mupereke theka la ndalama poyamba kuti agule zipangizo. Lichero likayamba kumasuka mkombero musataye, bwererani nalo kwa amene analuka akamange, mumpatse kangachepe ka ntchitoyo, ndipo potumako mutume mwana kuti akaone akumanga.